Mkulu wotizunza ndi Macbeth uja anali ndani?

Anzanga, ndisakubisireni, mayeso a Literature a teremu yatha ndinagwa nawo chagada. Macbeth ndinkamuwerenga ngati ndikutafuna mchenga. Ndiye pa holide ndinati ndimufufuze William Shakespeare ameneyu, ndidziwe chimene ndinamulakwira.

Anabadwa mu April 1564 m'katawuni ka Stratford-upon-Avon ku England. Bambo ake, a John, ankasoka magolovesi achikopa, ndipo pena ngongole zinkawapanikiza. Ku yunivesite William sanapondeko. Mu 1582, ali ndi zaka 18, anakwatira Anne Hathaway wa zaka 26, ndipo patangotha miyezi isanu ndi umodzi mwana wawo woyamba, Susanna, anabadwa. Masamuwo pangani nokha, ine ndisanene. Mu 1585 kunabweranso mapasa, Hamnet ndi Judith.

Pofika 1592 mkuluyu anali ku London, banja atalisiya kumudzi ngati mmene amachitira amalume athu a ku Joni. Ankalemba zisudzo, n'kumaseweranso yekha. Mu 1596 Hamnet anamwalira ali ndi zaka 11. Apa ndinaima kaye, chifukwa ndinkaona ngati anthu a m'mabuku sakhala ndi maliro pakhomo pawo.

Koma chimene chandisangalatsa kwambiri ndi nyumba yawo ya zisudzo, Globe. Gulu lake anaimanga mu 1599 m'mbali mwa mtsinje wa Thames, ndi mitengo imene anaphwasula ku nyumba ina yakale n'kuiolotsa mtsinje. Denga lake linali laudzu, eti, ngati khitchini ya agogo, ndipo pakati panali pambalambanda. Magetsi kunalibe, choncho zisudzo zinkachitika masana dzuwa likuswa mtengo. Wosauka ankalipira peni imodzi n'kuimirira kutsogolo kwenikweni, akutafuna mtedza, ena akumwa mowa. Munthu ngati ameneyo ukamutopetsa sachedwa kukukuwiza. N'chifukwa chake Macbeth amayamba ndi mabingu komanso mfiti zitatu, kuti anthu asiye phokoso. Akazi sankasewera nawo ayi. Lady Macbeth woopsa uja ankakhala mnyamata wa mawu osasweka, wa msinkhu wa anzathu a Fomu 2.

Pa 29 June 1613 akusewera Henry VIII anawombera mzinga, moto n'kugwira udzu uja, nyumba yonse psiti. Palibe anafa, koma akuti bambo wina buluku lake linagwira moto ndipo analizimitsa ndi mowa. Chaka chotsatira anaimanganso, ulendo uno anafolera ndi matailosi.

Shakespeare anamwalira kwawo ku Stratford pa 23 April 1616 ali ndi zaka 52. Mu 1623 anzake awiri osewera nawo, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa zisudzo zake 36 m'buku limodzi. Mwa zimenezi 18 zinali zisanasindikizidwepo, kuphatikizapo Macbeth. Ndiye ngati mukufuna wodana naye, ndi awiriwa. Akanagona, bwenzi tikupuma.

Lero ku London kuli Globe ina imene anaitsegula mu 1997 pafupi ndi pamene panali yakale, ndipo anafoleranso ndi udzu. Alendo amatha m'mawa wonse akuona zojambula mu Tate Modern, imene ili pafupi pomwepo, kenako n'kukaonera sewero ataimirira ngati anthu a peni imodzi aja. Mvula ikagwa amanyowa basi.

Ine vuto langa ndalipeza. Ndinkawerenga chamumtima chinthu chimene mwini wake analembera anthu oti azikuwa ali chiimire. Mayeso a MSCE sali patali, ndipo sindikufuna kugwanso. Lachisanu tikaweruka tikumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 4, tisewere gawo loyamba mokweza, Chingelezi chikatikanika tizimasulirana. Banquo wapezeka kale, mfiti ziwiri ziliponso. Ikusowa yachitatu. Amene sakuopa kusekedwa alembe dzina lake pansipa ndi pensulo.