Mlozi, munthu amene anamupeza pansi pa nthaka

Anzanga amene mukusaka timapepala tomwe kalabu ya mbiri yakale yabisa pasukulu pano, funso lina likukamba za munthu amene anagwidwa ali pansi pa nthaka. Komwe kuli kapepalako sindinena, koma munthuyo ndi Mlozi wa ku Karonga.

Mlozi anali Mswahili wochita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anachokera ku chigwa cha Luangwa n'kudzakhala pakati pa Ankhonde, pamodzi ndi anzake Kopakopa ndi Msalema. Anamanga malinga kufupi ndi mtsinje wa Rukuru, ndipo linga la Mlozi linali ku Mpata. Anafika ngati alendo amalonda, koma m'chaka cha 1887 Mlozi anadzitcha mfumu ya dziko la Ankhonde. Eti mlendo kulanda mudzi!

Chaka chomwecho kunachitika zoopsa ku dambo la Kambwe. Ankhonde othawa nkhondo anabisala m'bango. Anthu a Mlozi anayatsa bangolo. Ena anapsa, ena otuluka anaphedwa kapena kugwidwa ukapolo, ndipo othawira m'madzi anakumana ndi ng'ona. Ine pamenepa mpamene ndimaona kuti munthuyu chisoni analibe.

Ku Karonga kunali sitolo ya African Lakes, kampani yomwe likulu lake linali kuno ku Blantyre, pa Mandala pompa. Woyang'anira sitoloyo, Monteith Fotheringham, analandira Ankhonde othawa, ndiye nkhondo inabuka pakati pa kampaniyo ndi Mlozi. Mu 1888 msilikali wachingerezi Frederick Lugard anatsogolera gulu lokaphwanya linga la Kopakopa, koma anawomberedwa manja onse awiri, gulu lake n'kubwerera. Malingawo anali olimba zedi. Mu 1889 Harry Johnston anangopangana naye Mlozi za mtendere, koma akapolo sanasiye kugwidwa.

Tisanamizane, azunguwo sankamenyera Ankhonde okha ayi. Nawonso minyanga ankaifuna, komanso njira yamalonda yochoka ku Karonga kupita ku nyanja ya Tanganyika. Komabe kwa mayi amene mwana wake anali m'goli, zimenezo zinali zina, chachikulu mwanayo amasulidwe basi.

Mu Disembala 1895 Johnston anabweranso, ulendo uno ali mkulu wa boma la atsamunda. Anafika pa sitima zapanyanja ndi mizinga, asilikali achimwenye otchedwa Asikh, ndi asilikali achikuda, ena mwa iwo Atonga. Mizinga inagumula linga la ku Mpata, nyumba n'kuyaka. Asilikali atalowa anasaka ponseponse koma mwini linga osaoneka. Amene anamutulukira ndi msilikali wachitonga dzina lake Bandawe. Anapeza kuti pansi pa nyumba ya Mlozi panali chipinda chokumba, ndipo mkulu uja amene ankanjenjemeretsa dziko lonse la Ankhonde anali atabisala mmenemo ngati mbewa kuuna.

Mafumu a Ankhonde ndi amene anaweruza mlandu wake, Johnston ali pomwepo. Pa 4 Disembala 1895 Mlozi ananyongedwa pamtengo. Akapolo oposa 500 amene anapezeka m'lingamo anamasulidwa.