Lambert, mwana wa telala amene anayeza kuwala

M'mwezi wa Okutobala, denga la malata atsopano ku Mitundu limathobwa m'maso, pomwe phula la msewu wa M1 pa Nathenje limawotcha mapazi. Dzuwa n'limodzi, koma malata amabweza kuwala kochuluka, pamene phula limakumeza n'kukusandutsa kutentha. Munthu amene anaphunzitsa dziko kuyeza kusiyana kumeneku ndi Johann Heinrich Lambert.

Iye anabadwa mu 1728 ku Mulhouse, mzinda umene lero uli m'dziko la France. Bambo ake anali telala wosauka, ndipo mnyamatayo anasiya sukulu ali ndi zaka 12 kuti aziwathandiza kusoka. Masamu ankadziphunzitsa yekha akaweruka. Mu 1748 analembedwa ntchito yophunzitsa ana a banja la von Salis ku Chur, m'dziko la Switzerland, komwe anapeza mabuku ochuluka ndi mpata wofufuza.

Mu 1760 anasindikiza buku lotchedwa Photometria. M'menemo anabweretsa mawu a Chilatini akuti albedo, otanthauza kuyera, ponena za gawo limene chinthu chimabweza pa kuwala konse kochigwera. Chinthu chomeza kuwala konse chili pa 0, chobweza konse chili pa 1.

Nthawiyo kunalibe makina oyezera kuwala. Lambert anazindikira kuti diso silingadziwe kuti chinthu chikuwala kangati kuposa chinzake, koma limadziwa ziwirizo zikamawala mofanana. Choncho ankasendeza kandulo mpaka malo awiri ataoneka ofanana, kenaka n'kuyeza mtunda. Popeza kandulo ikatalikira kawiri kuwala kwake kumachepa kanayi, masamu ankamaliza ntchito imene diso layamba.

Mu 1765 analandiridwa m'bungwe la akatswiri a sayansi ku Berlin, pansi pa Mfumu Frederick. Kumeneko ndi kumene anamwalirira mu 1777, ali ndi zaka 49.

Lero akatswiri amagwiritsa ntchito zida ziwiri, china choyang'ana kumwamba, china pansi, n'kuyerekeza zimene zapeza. Dziko lonse lapansi limabweza pafupifupi magawo 30 pa 100 a kuwala kwa dzuwa. Madzi oundana a kumalekezero a dziko akamasungunuka, nyanja yakuda imameza kuwala kumene iwo ankabweza, ndipo kutentha kumawonjezereka. Muyezo wa mwana wa telala uja ndi umodzi mwa imene ikutiuza kumene nyengo yathu ikulowera.