John Chilembwe, mbusa amene adalirira amasiye a nkhondo ya eni

Nkhope ya Mbusa John Chilembwe ili pa ndalama zimene Amalawi amagulira mchere, ndipo pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko limapuma pomukumbukira. Pa mwambo wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, zomveka kwambiri zimakhala za thangata, za msonkho ndi za usiku wa pa 23 Januwale 1915. Akazi amasiye ndi ana osowa bambo satchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndiwo adali phata la kalata yotchuka imene mbusayu adalemba miyezi iwiri asadanyamule zida, ndipo ndiwo adatsala ndi mtolo iye atapita.

Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'dera la Chiradzulu lomwelo. Bambo ake adali Myao, mayi ake Mmang'anja, ndipo mbiri imati mayiwo adafika m'banjamo atagwidwa pa nkhondo. Zimene mfuti imachita ku mabanja sadachite kuziwerenga m'buku.

M'chaka cha 1892 adalowa ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth, mmishonale wobadwira ku England amene ankalalikira poyera kuti Africa ndi ya anthu akuda. Booth adapita naye ku America mu 1897, ndipo kumeneko adaphunzira za ubusa pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Adabwerera kwawo mu 1900 ndi thandizo la mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission, imene ambiri amangoti PIM. Zaka zotsatira zidali za sukulu, ulimi ndi kuumba njerwa. Mkazi wake, Ida, ankaphunzitsa amayi kusoka. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chidatha kumangidwa mu 1913.

M'zaka zomwezo boma la atsamunda lidali litayamba kale kutumiza anyamata a m'dziko muno ku nkhondo zakutali. Mu 1900 asilikali a ku Nyasaland adakamenya nkhondo ya Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana. Mu Epulo 1903 ambiri a iwo adaphedwa tsiku limodzi pa Gumburu, ku Somaliland. Gulu la asilikaliwa lidali ndi Ayao ochuluka ochokera m'maboma a kummwera, kotero uthenga wa maliro unkafika m'midzi imene mbusayu ankaidziwa bwino. Kwawoko mavuto adali ena: njala ya 1912 ndi 1913, Alomwe othawa ku Mozambique amene ankagwiritsidwa thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndi matchalitchi audzu a PIM amene ankawotchedwa molamulidwa ndi woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone.

Kenaka idabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Germany ochokera ku Tanganyika adathira nkhondo Karonga. Oyendetsa nkhondoyo mbali zonse ziwiri adali Azungu, koma ochuluka mwa akufa, mbali zonse ziwirinso, adali anthu akuda.

Mu Novembala chaka chomwecho Chilembwe adatumiza kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, polankhulira anthu a mtundu wake. Si kalata ya munthu wolusa. Adakumbutsa boma kuti anthu akuda akhala okhulupirika pa nkhondo iliyonse imene adaitanidwa, koma mtendere ukabwera zabwino zimapita kwa Azungu okha. Adafunsa ngati pali chimene eni dziko adzapindule nkhondoyo ikadzatha. Adati oyenera kupita kukawomberedwa ndi anthu olemera, eni masitolo, eni minda ndi a maudindo, popeza iwo ndiwo ali ndi chotchinjiriza, pamene mmphawi amafera mlandu umene si wake ndipo akafa amangosiya mzere wa akazi ndi ana amasiye mu umphawi wadzaoneni. Apa ndi pamene padagona nkhani yake yonse. Sadawerenge nkhondo ndi mbendera kapena malire. Adaiwerenga ndi khomo limene mwini wake sadzabweranso kudzalima.

Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa, ndipo mwezi wotsatira lidayamba kukonza zomuchotsa m'dziko. Nthawi imeneyo mbusayo adali pa mavuto akeake. Adali ndi ngongole, chifuwa cha mphumu chinkamusautsa, maso adayamba kuchita chidima, ndipo adali ataika m'manda mwana wake wamkazi.

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu ake adanyamuka. Gulu lina lidalowa m'nyumba ya Livingstone ku Magomero, lidamupha ndi kumudula mutu mkazi wake akuona. Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso. Akazi ndi ana a Azungu adatengedwa koma sadavulazidwe, monga momwe Chilembwe adalamulira, ndipo pambuyo pake adamasulidwa. Gulu limene lidapita ku Mandala, mumzinda wa Blantyre, kukathyola nkhokwe ya zida lidabwerako ndi mfuti zowerengeka chabe. M'mawa mwake, Lamulungu, mbusayo adalalikira m'tchalitchi chake mutu wa Livingstone uli pamtengo.

Mbiri yoona siingathe kulumpha mfundo yowawa iyi: munthu amene adalemba modandaulira akazi amasiye adasiyanso wamasiye ndi ana awiri aang'ono m'nyumba ya ku Magomero. Nkhanza za Livingstone zidali zenizeni, ndipo ngakhale bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa pambuyo pake lidadzudzula kayendetsedwe ka esitetiyo. Koma ana aja sadali ndi mlandu wa thangata.

Chilango chimene chidatsatira chidaposa kutali zimene zidachitika usiku umenewo. Pasadathe milungu iwiri kuukirako kudali kutazima, ku Chiradzulu ngakhalenso ku Ntcheu kumene Filipo Chinyama adayesa kudzutsa anthu. Pa 3 Febuluwale 1915 apolisi adawombera Chilembwe m'dera la Mulanje akulowera ku Mozambique, ndipo adaikidwa mwachinsinsi m'manda opanda chizindikiro. Tchalitchi cha ku Mbombwe chidaphulitsidwa. Anthu oposa 30 adaweruzidwa kuti aphedwe pa milandu yozengedwa mofulumira, pafupifupi 300 adatsekeredwa m'ndende, ena adaphedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa, midzi idawotchedwa ndipo anthu a m'deralo adalipitsidwa chindapusa onse pamodzi.

Mwa ophedwawo mudali John Gray Kufa, mkulu wa mpingo amene adaphunzira zachipatala ku mishoni ya Blantyre, ndi Duncan Njilima, munthu wamalonda wodziwika. Nkhani ya banja la Njilima ndi yozizwitsa. Mwana wake Frederick, amene adali pa sukulu ku America pamene bambo ake ankaphedwa, adadzalowa usilikali wa Britain n'kukamenya nkhondo ku France, pansi pa mbendera ya boma lomwelo limene lidamusandutsa wamasiye.

Banja la Chilembwe mwini nalo silidapulumuke. Ida adamwalira mu 1918 pa mliri wa chimfine umene udafalikira kumapeto kwa nkhondo, ndipo ana awo aamuna, Charlie ndi Donald, adakula opanda bambo, opanda mayi, ndi dzina limene panthawiyo lidali loopsa kulitchula.

Nkhondo imene mbusayo adaikana idapitirira zaka zina pafupifupi zinayi, ndipo idakula kuposa momwe iye adaopera. Anthu adaitcha nkhondo ya Chiwaya. Amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland adalowa usilikali, ndipo ena oyandikira 200,000 adatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukhala amtengatenga, m'dziko limene panthawiyo lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema kudutsa m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique. Chimene chidapha ochuluka si chipolopolo, koma kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Wogwa panjira ankakwiriridwa pomwepo, ndipo ulendo unkapitirira. Kumudzi minda idagonera chifukwa chosowa amuna, ndipo amayi adalera okha ana.

Kwa anthu amene mwambo wawo umafuna kuti maliro aliridwe, mtembo uikidwe ndi abale, ofedwa ametedwe ndipo wamasiye amasulidwe, imfa yopanda manda ndi bala losapola msanga. Mkazi sadziwa ngati alire kapena adikire. Ana sadziwa koloza akafunsidwa kumene kudagona bambo awo. Chipilala cha ku Zomba chimakumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo ku manda a nkhondo a ku Karonga kuli ziliza zolembedwa maina a Azungu a mbali zonse ziwiri. Amtengatenga ambiri alibe ngakhale mwala. Mpaka mu 2021 ndi pamene bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a kummawa kwa Africa ndi ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga anzawo achizungu.

Chilembwe adagwa m'gulu lomweli la akufa opanda chiliza. Pokhala kuti anthu ake sadaone mtembo, kwa zaka zambiri m'midzi ya ku Chiradzulu mudamveka mphekesera zoti sadafe, adathawa ndipo adzabweranso. PIM idakhala yotseka mpaka mu 1926, pamene Dr Daniel Malikebu, amene adaphunzirapo ali mnyamata, adabwera kuchokera ku America n'kuitsegulanso. Tchalitchi china chidamangidwa ku Mbombwe, pafupi ndi mabwinja a chakale, ndipo ndi kumeneko kumene atsogoleri amakaika nkhata zamaluwa mwezi wa Januwale, pamalo pamene palibe mafupa ake.