Dr Henry Plummer, dotolo yemwe adaika mbiri ya wodwala pamalo amodzi

Dr Henry Plummer adabadwa pa 3 Malichi 1874 m'chigawo cha Minnesota ku America. Mu 1901 adayamba ntchito pachipatala cha Mayo, chomwe sichidali cha boma, mumzinda wa Rochester.

Panthawiyo dotolo aliyense ankalemba za odwala m'buku lakelake, kotero wodwala akaonana ndi dotolo wina, mbiri ya matenda ake inkavuta kuipeza.

Mu 1907, Plummer mothandizana ndi Mayi Mabel Root adakhazikitsa ndondomeko yopatsa wodwala aliyense nambala yake komanso failo imodzi yoti madotolo onse azilembamo.

Iye adamwalira pa 31 Disembala 1936. Masiku ano zipatala zambiri zimasunga mbiri ya odwala m'makompyuta, koma mfundo yoti wodwala aliyense akhale ndi nambala imodzi ikutsatidwabe.