Tikumbukire Mphunzitsi Samuel Josia Nthara

Amayi a Chigwirizano, chaka ndi chaka timalambula manda a makolo athu ndi kuikapo maluwa. Pali kholo lina limene tiyenera kulikumbukira ngakhale tili kutali kuno ku Migodi.

Bambo Nthara anabadwa ku Nyasaland m'chaka cha 1905. Anaphunzira m'sukulu za Mishoni ya Dutch Reformed, yomwe inabzalanso mpingo wathu ku Magwero mu 1899, ndipo anagwira ntchito yauphunzitsi zaka zambiri.

Mu 1933 buku lawo la Nthondo linapambana pa mpikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Africa. Limasimba za mnyamata wosamvera amene anapita kutali kukasaka ntchito, pambuyo pake nakhala mfumu yoweruza milandu, natembenuka mtima. M'busa T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Bambo Nthara anafunsanso nkhalamba za m'midzi nalemba Mbiri ya Achewa, kuti nkhani za makolo zisalowe m'manda pamodzi ndi eni ake. Anamwalira mu 1976.

Ambiri mwa ana athu a ku Kitwe ndi ku Ndola amalankhula Chibemba ndi Chingerezi, koma Buku Lopatulika limawavuta kuwerenga. Tikapanda kuwaphunzitsa ife, nyimbo ndi miyambi ya kwathu idzatha nafe. Chiliza chenicheni cha wolemba ndi mwana amene akuwerenga buku lake. Tsono madzulo, tikatha kudya, tiziwerenga nawo ngakhale tsamba limodzi. Ambuye atithandize.