John Graunt, Wowerenga Obadwa ndi Omwalira

Inu aphunzitsi athu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, amene mumatopa ndi kulemba maina a ana obatizidwa ndi a Akristu otisiya, imvani mbiri ya munthu amene anafukula nzeru m'kaundula wotere.

John Graunt anabadwira ku London pa 24 April 1620. Sanali dotolo ai, koma wamalonda wogulitsa nsaru ndi mabatani. Masiku amenewo alembi a maparishi a mumzindamo ankasindikiza sabata ndi sabata cipepala coonetsa ana obatizidwa, maliro oikidwa, ndi nthenda zimene zinapha anthuwo. Ambiri ankangosuzumiramo kuti aone ngati mliri wabuka, athawe msanga. Graunt anasonkhanitsa mapepala a zaka zambiri nayamba kuwonkhetsa.

Zimene anapeza, nazilemba m'buku lace la 1662, nzomvetsa cisoni. Mwa ana 100 obadwa, ngati 36 ankafa asanakwane zaka 6. Maliro ankaposa maubatizo, kotero kuti mzinda ukadaphwa pakadapanda anthu obwera kucokera kumidzi. Anaonanso kuti ana aamuna amabadwa ocuruka pang'ono, 14 pamene aakazi ali 13. Koma manambalawo sanangowameza osatafuna. Oyendera mitembo anali amai okalamba osaphunzira za mankhwala, ndipo iye anazindikira kuti akapatsidwa mowa kapena kandalama, nthenda ya cindoko ankaicha dzina lina, kuti banja lisacite manyazi. Bodza lotere, tinene zoona, silinathere ku London.

Mfumu Charles II inamcitira umboni wabwino, ndipo analandiridwa m'bungwe la akatswiri la Royal Society ngakhale anali munthu wa m'sitolo cabe.

Masautso anadza pambuyo. Moto waukuru wa 1666 unapsereza nyumba yace. Ndipo Graunt, amene analeredwa m'Ciprotestanti, analowa Eklezia Katolika pa nthawi imene malamulo a ku England ankatsekereza Akatolika pa maudindo onse. Anasiya maudindo ace a mumzinda, cuma cinamthera, namzenganso mlandu wa kusapita ku mapemphero a mpingo wa boma. Cikhulupiriro sanacitaye. Anamwalira ali mmphawi pa 18 April 1674, atadwala nthenda ya cikasu, ndipo anaikidwa ku St Michael, Cornhill.