Bambo Mychal Judge, wansembe amene sanatseke chitseko

Ife olera ana kunja sitingavutike kumvetsa ubwana wa Bambo Mychal Judge. Anabadwira ku Brooklyn, New York, mu 1933, kwa makolo ochokera ku Ireland. Bambo awo atamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ankapolisha nsapato pa Penn Station kuti athandize pakhomo. Mu 1961 anadzozedwa unsembe wa Katolika m'chipani cha Afransisko.

Edzi itafika ku New York m'zaka za m'ma 1980, anthu ankaopa ngakhale kukhudza odwala, omwe ambiri anali amuna okonda amuna anzawo. Bambo Judge ankawayendera m'zipatala, kuwagwira manja, kuwadzoza mafuta ndi kutsogolera maliro awo. Gulu la Dignity, la Akatolika okondana ndi amuna kapena akazi anzawo, litaletsedwa kuchita Misa m'matchalitchi, iwo analandira ntchito ya gululo yosamalira odwala ku tchalitchi cha St Francis of Assisi.

Anamwalira pa 11 Seputembala 2001 ku World Trade Center, akutumikira ozimitsa moto. Tikamauza ana athu za imfa yawo, tisadumphe za odwala aja.